Kodi wodwala kuthamanga kwa magazi asiye mtedza?

Funso: Bambo anga adawapeza ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo kuchipatala adawauza kuti achepetse zakudya zamafuta. Kodi tisiye kuwatenderera ndiwo ndi nsinjiro? — Wowerenga wa ku Mchinji

Yankho: Musasiye, chifukwa mafuta sali amtundu umodzi. Ngakhale kuti pafupifupi theka la kulemera kwa mtedza ndi mafuta, ambiri mwa mafutawo ndi amtundu wosaundana, wofanana ndi wa m'mapeyala, umene umathandiza kuchepetsa kolesterolo woipa, chinthu chonga mafuta chopezeka m'magazi chimene chimatseka mitsempha ya magazi. Amene achipatala amadandaula nawo kwambiri ndi mafuta aja amaundana n'kuyera m'mbale nyama ikazizira, komanso a pachiwaya amene akazingidwira chipisi kapena mandasi mobwerezabwereza mpaka kuda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limalangiza kuti mafuta oundanawa asapitirire 10 peresenti ya mphamvu imene munthu amapeza m'chakudya cha tsiku limodzi.

Choncho nkhwani wotendera ndi wabwino kwa bambo anu kuposa nkhwani wosambira m'mafuta okazingira. Akafuna mtedza wokazinga, dzanja limodzi patsiku, pafupifupi magalamu 30, likukwanira, koma ukhale wopanda mchere, popeza mchere wambiri umakweza kuthamanga kwa magazi.

Chimene ndikupempheni kwambiri ndi kusankha mtedza musanasinje. Mtedza wofwifwa, wowawa kapena wa chuku ungakhale ndi poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa yense. Umitsani bwino mtedza wanu, musamauwaze madzi posenda, ndipo woonongekawo mutaye osati kuusandutsa nsinjiro kapena chiponde.