Mbululu za padzuwa zasanduka achule msanga, nanga bwanji achulewo ndi ang'onoang'ono?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene mwana wawo amasunga mbululu m'mabeseni awiri, lina padzuwa, lina pamthunzi. Akuti za padzuwa zinamera miyendo msanga n'kusanduka tiachule tochepa ngati nsonga ya chala, pomwe za pamthunzi zinachedwa, koma achule ake anatuluka ojintcha. Afunsa ngati za padzuwazo zinadwala kapena zinkaperewera chakudya.

Mayi, mtima m'malo. Ngati zonse zinkadya mofanana, palibe nthenda apa. Mwana wanuyo waona ndi maso ake chinthu chimene chakhala chikuzunguza mitu akatswiri a zamoyo kwa zaka zambiri.

Achule, nsomba, abuluzi ndi tizilombo touluka timati ndi nyama zamagazi ozizira. Dzinali limasocheretsa pang'ono, chifukwa buluzi amene wakhala akuwothera dzuwa pamwala magazi ake amakhala otentha ndithu. Nkhani ndi yakuti matupi a nyamazi amangotsatira kutentha kwa malo amene zili. Kukatentha, zonse za m'thupi zimathamanga: mtima, kugaya chakudya, kupuma. Nthawi zambiri kutentha kukakwera ndi madigiri 10, ntchito za m'thupizi zimafulumira kawiri kapena katatu.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Kukula ndi kukhwima si chinthu chimodzi. Kukula ndi kuwonjezera thupi. Kukhwima ndi kusuntha kuchoka pa msinkhu wina kupita pa wina: mbululu kumera miyendo, mchira kufota, kenako chule. Kutentha kumafulumizitsa zonse ziwiri, koma kukhwima ndiko kumathamanga kwambiri. Mbululu ya padzuwa imadya kwambiri ndipo tsiku lililonse imawonjezera thupi kuposa inzake ya pamthunzi, koma masiku ake okhala mbululu amatha isanaunjike thupi lokwanira. Ya pamthunzi imawonjezera pang'onopang'ono, koma kwa masiku ochuluka, ndiye pomaliza imaposa inzake.

Tintchentche timene timaunjikana pa zipatso zowola, totchedwa Drosophila, timaonetsa zimenezi bwino. Pa madigiri 25, kuchoka pa dzira kufika pa ntchentche youluka zimatenga masiku pafupifupi 10. Pa madigiri 18 zimatenga pafupifupi 19, ndipo ntchentche yochedwayo imatuluka yokulirapo, mapiko ake otalikirapo. Mu 1994, katswiri wa zamoyo David Atkinson wa ku yunivesite ya Liverpool ku England anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri wa mtunduwu ndipo anapeza kuti pa zitsanzo 10 zilizonse, zoposa 8 zinali choncho: nyama zokulira kotentha zinkatuluka zazing'ono. Zilipo zosemphana nazo, monga mitundu ina ya ziwala.

Ineyo chimene chimandigwira mtima ndi cha zamoyo za m'madzi, chifukwa kumeneko kuchepa thupi kumaonekera kwambiri kuposa pamtunda. Madzi ozizira a madigiri 0 amasunga mamiligalamu opitirira 14 a okosijeni, mpweya umene nyama zimafuna popuma, pa lita imodzi, koma akafika madigiri 30 amasunga osakwana 8. Ndiye taganizirani: thupi likufuna mpweya wochuluka chifukwa latenthedwa, pomwe madziwo ali ndi wochepa. Akatswiri ena, monga Daniel Pauly, amati n'chifukwa chake nsomba za m'madzi ofunda zimalekera panjira kukula, popeza ziwalo zake zopumira sizikwanitsa kupereka mpweya wokwanira thupi lalikulu. Ena amatsutsa mfundoyi, ndipo mtsutsowo ukadalipo. Koma si nkhani yochepa, chifukwa nsomba yaikazi yaikulu imaikira mazira ambiri kuposa yaing'ono, ndipo nyanja zikutentherabe.

Chenjezo langa ndi limodzi. Kufulumira kuja kuli ndi malire. Kutentha kukapyola pamene nyamayo imapirira, imasiya kudya, imafooka, kenako imafa, ndipo madzi ochepa a m'beseni amatentha msanga masana. Mwanayo akafuna kubwerezanso, aike mbululu zochuluka mofanana m'mabeseni onse, chifukwa kuthithikana nakonso kumachepetsa thupi, azipatse chakudya chofanana, ndipo beseni la padzuwalo lizilandira dzuwa la m'mawa lokha.