Bowa wa tinthambi wa ku Chimaliro

Mayi wina wa ku Kasungu wanditumizira imelo ndi chithunzi. Akuti: "Ana atola bowa woyera m'nkhalango ya Chimaliro, patsinde pa mombo. Alibe chipewa, angoti tinthambitinthambi ngati katsache. Kodi ndi wodya?"

Mayi, mphika udikire kaye. Chithunzi cha pafoni sichokwanira kuweruzira bowa.

Azungu amautcha coral poufanizira ndi matanthwe a nthambi a m'nyanja zamchere. Magulu ake akuluakulu ndi Clavulina ndi Ramaria, ndipo maso okha amanamiza. Thyolani kanthambi, mukaike papepala loyera lomwe mbali ina mwaidetsa ndi khala, muvindikire ndi kapu mpaka m'mawa. Kafumbi kogwa pamenepo ndi mbewu zake. Kakayera ndiye kuti muli kumbali ya Clavulina, komwe kuli Clavulina albiramea amene amadyedwa m'madera a miombo. Kakakhala kachikasu koderako, ameneyo ndi Ramaria, ndipo ine wotere sindimuika m'poto. Ku Ulaya kuli Ramaria formosa, wapinki wa nsonga zachikasu, wokongola zedi, koma amapotokola ndi kutsegula m'mimba. Ku Japan ndi Korea kuli bowa wa tinthambi wa mtundu wina, wofiira psuu ngati moto amene wapha anthu; mu 2019 adapezekanso pafupi ndi Cairns ku Australia.

Kumupeza pansi pa mombo si mwangozi. Ulusi wake umalukana ndi mizu ya mtengo, iye n'kumalandira shuga, mtengo n'kumalandira madzi ndi michere. N'chifukwa chake kumene adatha mitengo ndi makala, ndelema ndi manyame nazonso zidatha.

Fumbi loyera lija si chilolezo ayi. Zulani bowa wathunthu ndi tsinde lomwe, musamusakanize ndi wina m'dengu, mupite naye kwa agogo amene akhala akufula bowa m'nkhalango yomweyo dzinja ndi dzinja. Akamutchula dzina mosadodoma n'kunena kuti iwo amadya, phikani apse bwinobwino. Akayamba "mwina", tayani. Zoti wodyedwa ndi mphutsi kapena anyani ndi wabwino, musazimvere.

Wina akasanza kapena kutsegula m'mimba atadya bowa aliyense, thamangirani naye kuchipatala mutatenga ndiwo zotsalazo. Zikayamba patadutsa maola 6 kapena kuposa, fulumirani kwambiri, poti poizoni wochedwa kuonekera ndi amene amawononga chiwindi.