Mwana ali ndi bowo mumtima, ndipo a ku Maputo sanaitanebe

Ndalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa kufupi ndi Ulongwe, m'boma la Angonia, kuno ku Mozambique. Mwana wawo wamwamuna ali ndi miyezi 7. Kuchipatala chachikulu cha Tete anamuunika mtima ndi makina aja amati eco, n'kupeza bowo lalikulu pakhoma lolekanitsa zipinda ziwiri zam'munsi za mtima. Anauzidwa kuti pafunika opaleshoni ku Maputo, choncho adikire kuitanidwa. Mayiwa alemba kuti: "Akamayamwa amatuluka thukuta, amasiya bere n'kumapuma mwabefu, ndipo sikelo siikukwera. Apongozi akuti ndi tsempho, ena akuti tidikire akule kaye. Ndichite chiyani?"

Mayi, pepani ndi mtolo mwasenzawu. Ndiyambe ndi za tsempho, poti ndikudziwa kuti mawu amenewa amalasa kuposa ena onse. Mtima wa mwana umaumbika m'masabata 8 oyambirira a pathupi, nthawi imene amayi ambiri amakhala asanatsimikize n'komwe kuti aima. Bowolo mwana anabadwa nalo. Palibe chimene inu kapena bambo ake munachita mwana atabadwa chimene chikanaliboola. Padziko lonse, ana pafupifupi 8 mwa 1,000 alionse amabadwa ndi vuto lina la mtima, ndipo mwa mavuto onsewo, bowo ngati ili ndi limene limapezeka kwambiri.

Apongozi musawaone ngati mdani. Zimene akuonazo, kuonda, kutsokomola, nthawi zina kutupa, ndi zomwezo zimene akuluakulu anawaphunzitsa kuti ndi tsempho, ndipo akuyankhula chifukwa cha mantha pa mdzukulu wawo. Kukangana nawo pakhomo sikungathandize. Ulendo wotsatira wa kuchipatala muwatenge, kapena apite bambo a mwana, akamve okha kuchokera kwa dokotala. Koma pa zinthu ziwiri musagonje. Mwana asatemedwe mphini pachifuwa, chifukwa tizilombo tolowera pabala titha kuyenda ndi magazi mpaka kukakhazikika mumtima momwemo. Asamwetsedwenso zitsamba, chifukwa impso zake zili kale pa ntchito yaikulu ndi mankhwala a kuchipatala.

Mukamvetsa zimene zikuchitika m'chifuwamo, zina zonse zikhala zosavuta kutsata. Mbali ya kumanzere ya mtima imapopa mwamphamvu kuti magazi afike thupi lonse. Pakakhala bowo, magazi ena amathawira kumanja n'kubwereranso kumapapo komwe angochokera kumene. Mapapo amadzadza, mwana amapuma mofulumira usana ndi usiku, ndipo chakudya chimene chikanamunenepetsa chimathera pa kupumako. Kuyamwa kwa iye kuli ngati kulima mizere kwa munthu wamkulu, n'chifukwa chake thukuta lija.

Tsono za kudikira kuti akule. Apa ndiye pali ngozi yeniyeni. Amene akukuuzani zimenezi mwina anaonapo mwana amene bowo lake linatsekeka lokha, ndipo zimachitikadi, makamaka bowo likakhala laling'ono. Lalikulu silidalirika. Magazi akamathamangira kumapapo mopyola muyeso kwa nthawi yaitali, mitsempha ya m'mapapo imauma n'kupanikizika, ndipo ikafika pena siibwereranso mwakale. Pamenepo madokotala amakana kutseka bowolo chifukwa kutero kungamuphe mwanayo. Chopweteka n'chakuti zimenezi zikamayamba, mwana amaoneka ngati akuchira: befu amachepa, amadya bwinoko, pakhomo onse n'kumati Mulungu wayankha. N'chifukwa chake madokotala amafuna kutseka bowo lalikulu mwana akadali wamng'ono, kawirikawiri asanakwanitse chaka. Choncho ngakhale mutaona kuti akupezako bwino, tsiku la eco musaliphonye.

Opaleshoni ya mtima wa ana m'dziko muno imachitikira ku Maputo. Kumeneko kuli Instituto do Coração, chipatala cha mtima chimene chinatsegulidwa mu 2001 mothandizana ndi bungwe la ku France la La Chaîne de l'Espoir, komanso kuli Hospital Central de Maputo. Kuchoka ku Tete ndi mtunda woposa makilomita 1,500 pamsewu, ndipo inu muwonjezerepo wa ku Angonia. Pamtunda wotere, dzina la mwana litha kuzimirira pamndandanda popanda wina kufuna zoipa. Foni ikangokhala yozima tsiku limene akuimbirani, mwayi utha kupita kwa wina. Perekani manambala awiri kapena atatu, imodzi ikhale ya m'bale amene amakhala kumene netiweki siivuta. Nthawi iliyonse mukapita ku Tete funsani mwaulemu koma momveka kuti mapepala a mwana afika pati. Kalata yomutumizira ku chipatala china (guia de transferência), zotsatira za eco ndi cartão ya kusikelo muzisunge m'pulasitiki imodzi, ndipo muzijambulenso pafoni. Ngati mwana sanalembetsedwe ku Registo Civil, ofesi yolembetsa ana obadwa, chitani zimenezo panopa, chiphaso chanunso cha BI chikhale chosatha ntchito. Pachipatala pamakhala ogwira ntchito za acção social, othandiza anthu ovutika. Kawafotokozereni za thiransipoti lero, osadikira tsiku loitanidwa.

Ndikudziwa kuti ambiri a ku Angonia ndi Tsangano amaolokera ku Dedza kapena ku Ntcheu mwana akadwala, poti n'kufupi. Pa zadzidzidzi pitani kulikonse kumene mungafike msanga. Chachikulu n'chakuti muwaonetse mankhwala amene mwana akumwa kale, ndipo mukabwerera muuze dokotala wa ku Tete zimene anapatsidwa uko, kuti asamwe mankhwala amodzimodzi kawiri.

Ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku ndi sikelo ija. Bere musamuletse. Muyamwitseni pang'onopang'ono koma pafupipafupi, osamudikira kuti alire ndi njala, poti akalira amayamba kuyamwa atatopa kale. Akalephera kumaliza, finyirani mkaka m'kapu yoyera mumumwetse, chifukwa kumwa pakapu sikumutopetsa ngati kukoka bere. Pa miyezi 7 phala wayamba, koma lisakhale lamadzimadzi. Kamimba kake n'kakang'ono ndipo amatopa msanga, ndiye supuni iliyonse ikhale ndi mphamvu: phala lolimbirako, lothira nsinjiro kapena ufa wa soya, kasupuni ka mafuta ophikira, tsiku lina dzira, tsiku lina peyala lofinya. Mumukhazike tsonga pomudyetsa. Sikelo ikaima kapena kutsika, pemphani kuti amuone a zakadyedwe, chifukwa pali chiponde chimene amapereka kwa ana onyentchera. Musakhumudwe akamakwera pang'ono chabe. Kwa mwana wa bowo lalikulu, magalamu ochepawo ndi thukuta lanu.

Simunanene mankhwala amene akumwa, koma ana otere kawirikawiri amapatsidwa furosemide, wochotsa madzi m'mapapo kudzera m'mkodzo, nthawi zina pamodzi ndi captopril kapena spironolactone. Sachiza bowo, amangopeputsa ntchito ya mtima kuti mwana akafike pa tsiku la opaleshoni. Musasinthe muyeso nokha, ndipo muzikatenga ena asanathe, makamaka m'dzinja pamene minibasi ya chapa itha kulephera kufika kumudzi. Mwana akayamba kutsegula m'mimba kapena kusanza ali pa furosemide, madzi amamuthera msanga, ndiye pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mukamatsikira ku Tete mu Okutobala kapena Novembala, kumene kutentha kumapyola madigiri 40, muyamwitseni kawirikawiri panjira.

Mdani wamkulu panthawi yodikirayi ndi chibayo, chifukwa mapapo odzadza magazi sachedwa kugwidwa, ndipo mwana wodwala chifuwa sangamuchite opaleshoni. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, anthu a ku Angonia amasonkha moto m'nyumba ndipo amayi amaphika mwana ali kumbuyo. Utsi umenewo mumutalikitse nawo, wa fodyanso chimodzimodzi. Katemera alandire yense pa nthawi yake. Vuto la mtima si chifukwa chomudumphira. Azigona m'neti usiku uliwonse, ndipo thupi likatentha akayezedwe malungo tsiku lomwelo, popeza malungo amachepetsa magazi ndipo mtima wotopa kale sungapirire. Mano akamamera muziwatsuka, poti mano owola nawonso amatumiza tizilombo kumtima.

Phunzirani kuwerenga kapumidwe kake akagona, kwa mphindi imodzi yathunthu, kuti mudziwe nambala yake ya masiku onse. Kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11, kupuma ka 50 kapena kuposerapo pa mphindi ndi kufulumira. Nambala ikakwera kuposa ya masiku onse, nthiti zikamalowa mkati, akakana bere, akafooka, akatupa kumaso kapena milomo ikada, musadikire kuti kuche.

Kwa owerenga ena amene mwana wawo ali ndi vuto lina la mtima limene amati Tetralogy of Fallot, amene amada milomo ndi zikhadabo mwadzidzidzi akalira: mupindeni mawondo afike pachifuwa, mumutonthoze, kenako thamangirani naye kuchipatala. Ana okulirapo amanjuta okha akatopa. Musawadzutse.

Wanuyu, mayi, musamuope kumugwira. Akhale pamkeka, aseke ndi abale ake, ayesere kukwawa. Akatopa adzapuma yekha. Kulira kwa kanthawi sikungamuphe. Bambo ake aphunzire kumwetsa mankhwala ndi kuwerenga kapumidwe, kuti inunso muzipeza tulo, chifukwa ku Maputo mudzafunika muli ndi mphamvu. Ana ambiri bowo likatsekedwa pa nthawi yake amayamba kunenepa m'miyezi yochepa, ndipo amakula n'kumathamanga ndi anzawo. Mukakaonana ndi dokotala, mufunseni ngati mitsempha ya m'mapapo idakali bwino, tsiku la eco yotsatira, ndiponso ngati padzafunike abale opereka magazi, kuti muyambe kukambirana nawo panopa.