Impso ndi ya mlongo wawo, nanga thupi likanirenji?

Funso: Adokotala, amuna anga anapatsidwa impso ku India miyezi 8 yapitayo, ndipo wopereka anali mlongo wawo wa bere limodzi. Panopa ali gwa, kuntchito anabwerera. Koma mapiritsi a tacrolimus, oletsa thupi kukana impso, akutidyera ndalama, ndiye iwo akuti azimwa kamodzi patsiku m'malo mwa kawiri, poti magazi ndi amodzi thupi silingakane. Ayambanso kutsokomola, ndipo ku kiliniki akuti ayezetse TB. Titani? Mayi wa ku Mufakose, Harare.

Yankho: Mayi, chonde bambowo asachepetse ngakhale piritsi limodzi.

Maselo a munthu ali ndi zizindikiro zotchedwa HLA, theka lochokera kwa mayi, theka kwa bambo. Mwayi woti abale awiri afanane zizindikiro zonse ndi umodzi pa inayi, ndipo ngakhale ofanana chotero amamwabe mankhwala. Amene thupi siliwakana ndi mapasa ofanana ndendende. N'chifukwa chake impso yoyamba kukhalitsa, ku Boston mu 1954, inachoka kwa mapasa wina kupita kwa mnzake. Kwa ena tonse, asilikali a m'thupi saiwala kuti impsoyo ndi mlendo. Mankhwala amangowagoneka, ndipo akachepa m'magazi iwo amadzuka.

Chotidetsa nkhawa n'choti kukanako kumayamba mwakachetechete. Munthu amadya nsima bwinobwino pamene creatinine, zinyalala zimene impso imachotsa, akukwera m'magazi. Mukadzaona mkodzo ukuchepa, mapazi atupa, sikelo yakwera makilogalamu awiri m'masiku awiri, thupi likutentha kapena m'munsi mwa mimba pamene anaikapo impso pakupweteka, ndiye kuti zafika kale patali. Thamangani kuchipatala tsiku lomwelo. Dokotala amatsimikiza potenga kachidutswa ka impso ndi singano. Zikagwidwa msanga, mankhwala ogoneka asilikali aja otchedwa methylprednisolone, a pa diripi, kwa masiku atatu nthawi zambiri amabweza zinthu. Koma kudumphadumpha mankhwala kumapangitsa thupi kupanga ma antibody, zida za chitetezo cha thupi, amene amawononga timitsempha ta impso pang'onopang'ono, ndipo pomwe pachita chipsera sipachira. Mapeto ake ndi kubwerera pa makina osefa magazi, maola anayi, kawiri kapena katatu pa sabata.

Tacrolimus wa kawiri patsiku amafuna maola 12 pakati, monga 8 koloko m'mawa ndi 8 koloko usiku. Akaiwala, asaphatikize awiri nthawi imodzi. Tsiku loyezetsa, magazi atengedwe asanamwe wa m'mawa; akamwa kaye nambala imakwera monamiza, dokotala n'kuchepetsa mlingo molakwika. Wa kamodzi patsiku alipo, koma ndi kapangidwe kena kosungunuka pang'onopang'ono, ndipo wosintha ndi dokotala yekha. Za ndalamazo, kaziuzeni madokotala a impso, monga a ku chipatala cha Parirenyatwa, mapiritsi asanathe. Tacrolimus wa makampani ena wotsikirako mtengo amapezeka, kungoti posintha pamafunika kuyezanso magazi.

Chifuwacho asachizengereze, pakuti TB imagwira msanga munthu amene chitetezo chake chachepetsedwa. Koma pali msampha. Rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a TB, amafulumizitsa chiwindi kuphwanya tacrolimus, moti mlingo umagwa kwambiri ngakhale munthu akumwa mokhulupirika, impso n'kukanidwa. Auzeni a ku kiliniki momveka kuti bambowa ali ndi impso yopatsidwa, ndipo asayambe mankhwala a TB dokotala wa impso asanadziwe. Iye amakweza tacrolimus kangapo uku akuyeza magazi pafupipafupi, kapena amapereka mankhwala ena a TB otchedwa rifabutin m'malo mwa rifampicin. Mankhwala a TB akatha, mlingowo uyenera kutsitsidwanso.

Manyumwa, mankhwala a erythromycin ndi fluconazole, komanso kutsekula m'mimba zimachita mosiyana ndi rifampicin: zimakweza tacrolimus mpaka kupweteka impso. Mutu ukawawa amwe paracetamol, osati ibuprofen kapena diclofenac, ndipo azitsamba awasiye.