Funsani Amakaniko: Galimoto ikunjenjemera kumbuyo, kodi ekiselo yapindika?

Funso: Akuluakulu a tsamba lino, ndili ndi Toyota Hilux yakale ya mabawuti 6 pa tayala, imene ndimanyamulira chimanga ndi soya. Mwezi wathawu ndinagwera m'dzenje nditasenza matumba, ndipo lomwe linamenya kwambiri ndi tayala lakumbuyo la kumanzere. Chichokereni tsikulo, ndikafika pa liwiro la makilomita 70 mpaka 90 pa ola galimoto imanjenjemera, makamaka pampando, pomwe chiwongolero chili phee. Ndinabalansitsa matayala onse anayi koma sizinasinthe. Makaniko wina akuti ekiselo yapindika, ndigule difu yonse. Ndingadziwe bwanji zoona zake ndisanatulutse ndalama? *Mlimi wa ku Mchinji*

Yankho: Bambo, difuyo, lomwe ndi bokosi la magiya la pakati pa matayala akumbuyo logawira mphamvu ku matayala awiriwo, musagule kaye. Mwina makaniko wanu walasa, chifukwa dzenje, katundu wolemera ndi kunjenjemera komveka pampando zimayenderana ndi shafuti yopindika. Koma tayala loduka mawaya mkati komanso limu yopindika zimachita chimodzimodzi, ndipo ziwirizi ndi zimene zimayamba kuvulala galimoto ikagwera m'dzenje. Kupindika kumayezedwa, sikofunika kulota. Ngakhale zitapezeka kuti n'zoona, kawirikawiri chogula chimakhala shafuti imodzi, osati difu yonse.

Tiyambe tamvana pa dzina. Chimene anthu amangochitcha ekiselo pa Hilux ndi zinthu ziwiri. Pali chimpopi chachitsulo chotupa pakati, chomangidwa ku masipuling'i ndi mabawuti okhota ngati U. Chimenechi sichizungulira. Mkati mwake muli mashafuti awiri ochoka pa difu kukafika ku matayala, ndipo kunsonga kwa shafuti iliyonse kuli mbale yachitsulo yotchedwa flange, pamene pali mabawuti omangira tayala. Pa Hilux, Hiace ndi Nissan Hardbody shafutiyi ili ndi ntchito ziwiri: imazungulitsa tayala, komanso imasenza kulemera kwa galimoto kudzera pa beringi ya kunsongako. N'chifukwa chake ikamenyedwa imakhota pakhosi, pakati pa beringi ndi flange, tayala n'kuyamba kuvina likamazungulira. Chimpopi chikapindika, tayala limangoima mopendama koma n'kumazungulira bwinobwino. Kunjenjemera kotsatira liwiro kumachokera ku chinthu chimene chikuzungulira, ndipo ndi kumeneko koyenera kufufuza.

Kubalansa sikunathandize pa chifukwa ichi. Makina obalansira amagwira tayala pa shafuti yawoyawo yowongoka, n'kugawa kulemera mofanana. Sawongola limu, sabweza tayala lotupa, ndipo za flange yanu sadziwa chilichonse. Tayala likhoza kuwerenga ziro pa makina koma n'kumavinabe likabwerera pa galimoto.

Kuyeza koyamba n'kwa pamsewu, galimoto ilibe katundu. Pezani msewu wa phula wowongoka, wopanda chitsikira ndi wopanda anthu ambiri. Fikani pa liwiro lovutalo, ikani giya pa fili kwa masekondi ochepa, injini itsike. Kunjenjemera kukapitirira monga kale, injini ndi kilatchi zilibe mlandu. Kenaka mvetserani mtundu wake. Tayala la pikiapu limayenda mamita awiri ndi pang'ono likazungulira kamodzi, choncho pa makilomita 80 pa ola limazungulira pafupifupi ka 10 pa sekondi. Uku ndi kugwedeza koti mpando wopanda munthu umaoneka ndi maso ukuvina. Propela, chimpopi chochoka ku giyabokosi kupita ku difu, imazungulira kuwirikiza pafupifupi kanayi, ndiye kuti ka 40 pa sekondi. Yokhayo imalira ngati njuchi pansi pa mapazi, ndipo galasi loonera kumbuyo limachita chimbuuzi. Kulirako kukamasintha mukaponda mafuta ndi mukasiya, yang'anani ma universal joint, omwe ndi mfundo zopindika zolumikiza propela, ndi beringi ya pakati pa propela. Kunjenjemera kukamabwera pokhapokha mwaponda buleki, vuto ndi dilamu kapena disiki ya buleki yosazungulira bwino. Shafuti yopindika ili m'gulu loyamba lija, la kugwedeza kwa tayala, ndipo ikapindika kwambiri mumamva kumbuyo kukuyendera uku ndi uku ngakhale pa makilomita 20 pa ola.

Kuyeza kwachiwiri n'kwaulere: chotsani tayala lokayikitsalo, ikanipo la sipeya lomwe mukudziwa kuti ndi labwino, muyendenso pamsewu womwe uja. Kunjenjemera kukatha, nkhani yathera pa tayala kapena limu. Tayala mwachotsalo liyendetseni chikhatho ponseponse kufuna chotupa, ndipo yang'anani mkati mwa limu ngati simunaumire matope. Matope ouma okwana chibakera amagwedeza galimoto yonse.

Kukapanda kutha, kwezani galimoto. Ikhale pamalo olimba ndi osalala, matayala akutsogolo atatsekeredwa mbali zonse, chimpopi cha ekiselo chitakhala pa masitandi awiri. Pano tikuchenjezeni ndi mtima wonse: musadalire jeke yokha kapena njerwa, ndipo musalize injini kuti izungulitse tayala limodzi lili m'malere. Pa difu wamba tayalalo limathamanga kuwirikiza kawiri liwiro limene likuoneka pa mita, ndipo pa difu ya limited slip, imene imapereka mphamvu ngakhale ku tayala lomwe lili pansi, galimoto imatha kudumpha pa sitandi. Zimitsani injini, ikani giya pa fili, masulani buleki ya pamanja, muzungulitse ndi manja.

Yambani ndi beringi. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, mulikankhe ndi kulikoka. Mukamva kugogoda, beringi yatha, ndipo muyeso uliwonse umene mungatenge pambuyo pake udzakhala wabodza mpaka isinthidwe.

Beringi ikakhala bwino, mangirirani sikuludiraiva kapena waya wolimba pa chinthu cholemera chosagwedezeka, nsonga yake itayandikira mlomo wa limu cha m'mbali. Zungulitsani pang'onopang'ono, muone ngati mpata ukukula ndi kuchepa. Pa limu yachitsulo, kusiyana kopitirira mamilimita 1.5 n'kokayikitsa kale. Pamene limu yayandikira kwambiri nsongayo lembani ndi choko, ndipo lembaninso mutu wa bawuti imene yayang'anizana ndi malowo. Tsopano masulani tayala, mulitembenuze mabowo atatu mwa 6 aja, lomwe ndi theka la kuzungulira, mulimangenso n'kuyezanso. Malo otukuka akatsatira choko cha pa limu, yapindika ndi limu. Akatsalira pa bawuti yolembedwa ija, vuto lili kuseri kwa tayala, pa dilamu kapena pa flange. Kuyeza kumeneku sikulira chida chodula, koma kumalekanitsa bwino zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amazisokoneza.

Likakhala kuseri, chotsani tayala ndi dilamu, mupale dzimbiri ndi dothi pankhope ya flange ndi mkati mwa dilamu mpaka chitsulo chiwale. Kachibuma ka dzimbiri kokha kamapendamitsa tayala, ndipo anthu agulapo mashafuti chifukwa cha zimenezi. Apa m'pofunika dial gauge, kawotchi koyezera tizigawo ta milimita, komwe amagalaja akuluakulu ndi osula zitsulo pa lathe (makina osemera chitsulo chikuzungulira) amakhala nako. Maginito ake agwire pa chimpopi kapena pa sipuling'i, nsonga ikhudze nkhope ya flange kunja kwa mabawuti. Wina azikankhira shafuti mkati pamene ikuzungulitsidwa, kuti kusewera kwa beringi kusalowe m'muyeso. Malire ake amasiyana malinga ndi chaka cha galimoto, koma pa mapikiapu a Toyota amakhala pakati pa mamilimita 0.05 ndi 0.2. Musaderere manambala ang'onoang'onowa. Kuchoka pakati pa shafuti kufika m'mphepete mwa flange ndi masentimita pafupifupi 8, pomwe kufika pamene tayala limaponda pansi ndi masentimita opitirira 30. Ndiye kuti theka la milimita pa flange limasanduka mamilimita awiri pa tayala, ka 10 pa sekondi iliyonse.

Muli pomwepo yang'anani ngati oyilo wa difu sakudontha kuseri kwa mbale ya buleki. Shafuti yovina imadya seal, mkombero wa mphira wotsekera oyilo, oyilo n'kunyowetsa nsapato za buleki, ndipo mbali imeneyo imaleka kugwira. Yezaninso ndi tepi kuchoka pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, mbali zonse ziwiri, chiwongolero chitawongoka. Zikasiyana ndi sentimita kapena kuposa, kayikirani bawuti ya pakati pa masipuling'i. Imaduka galimoto yolemedwa ikamenya dzenje, ekiselo n'kusuntha, galimoto n'kumayenda cham'mbali ngati nkhanu.

Flange ikapitirira malire, shafutiyo isinthidwe. Pa Hilux amamasula paipi ya buleki ndi chingwe cha buleki ya pamanja, n'kuchotsa manati anayi a kuseri kwa mbale ya buleki, shafuti n'kutuluka pamodzi ndi mbaleyo. Gulani beringi yatsopano, mkombero woitsekera, seal ya mkati ndi ya kunja, ndi kamphete ka mphira kotchedwa O-ring. Beringi ndi mkombero zilowe ndi puresi, makina opanikizira, osati ndi hamala. Shafuti yakale ya pa galimoto ina ndi yabwino ndithu ngati mwaiyeza musanalipire. Iyikidwe pa lathe, flange iwerengedwe monga tafotokozera, ndipo pakati pa shafuti kuvina kusapitirire mamilimita 1.5 mpaka 2. Pitani ndi yanu yakale mukaziyerekeze kutalika, kuchuluka kwa mano a kunsonga yolowa mu difu, ndi mkombero wa ABS (makina oletsa matayala kugwira kotheratu poponda buleki) ngati ulipo, pakuti ma Hilux a zaka zosiyana safanana pa zimenezi. Pomaliza achotse mpweya mu buleki, athire oyilo wa GL-5 mpaka afike pa bowo lothirira, ndipo manati a tayala amangidwe modumphadumpha ndi sipanala yoyeza mphamvu. Kufikira zonsezi zitachitika, matumba a chimanga ayambe adikira.

Funso: Ndili ndi Toyota Vitz. Matayala akumbuyo akudyeka mkati, ndipo galimoto imalira ndi kunjenjemera pang'ono ikathamanga. Ena akuti ekiselo yapindika. Kodi n'zotheka pa kagalimoto kakang'ono chonchi? *Mayi wa ku Zomba*

Yankho: N'zotheka, Mayi, koma nkhani yake ndi ina. Vitz yokoka ndi matayala akutsogolo ilibe difu kapena shafuti yozungulira kumbuyo. Ili ndi mtanda wachitsulo wolumikiza matayala awiriwo, ndipo tayala lililonse limazungulira pa habu yakeyake yomangidwa ndi mabawuti anayi. Mtandawo ukapindika chifukwa cha dzenje, kugunda m'mphepete mwa msewu, kapena kukwezera jeke pakati pake, tayala limaima mopotoka n'kumakhula msewu. Pakapita miyezi limadyeka mwa mabampumabampu, ndipo kulira ndi kunjenjemera mukumvako kukuchokera ku tayala lodyekalo. Yendetsani chikhatho m'mphepete mwake cha mkati, mumva ngati mano a sowo.

Pitani kumene ali ndi makina a alignment oyeza kuwongoka kwa matayala onse anayi, muwapemphe akuonetseni manambala a kumbuyo, kumanzere ndi kumanja. Kumbuyo kwa Vitz kulibe pokonzera alignment, ndiye manambala akatuluka kunja kwa malire pamene mabushi, timphira ta polumikizira mtandawo ku galimoto, ali bwino, mtandawo usinthidwe. Auzeni aonenso ma shock absorber, oletsa galimoto kudumphadumpha, chifukwa akafooka tayala limadumphadumpha n'kudyeka chimodzimodzi, komanso beringi ya habu, imene kulira kwake kumasintha mukamakhota. Matayala atsopano mugule zimenezi zitakonzedwa, apo ayi adyekanso.

Funso: Ndimayendetsa minibasi ya Hiace. Seal ya shafuti ya kumanja tasintha katatu chaka chino koma ikudonthabe. Wowotcherera wina akuti akhoza kuwongola shafuti ndi moto wa gasi. Ndimulole? *Dalaivala wa ku Mzuzu*

Yankho: Musamulole, achimwene. Shafuti imaumitsidwa kunja kokha ku fakitale, mkati n'kusiyidwa yofewerapo, kuti ipirire kupotokola ndi kulemera. Moto umafafaniza kuuma kumeneko pakhosi penipeni pamene pamasenza katundu. Ikhoza kuoneka yowongoka lero, koma ikadzaduka pamenepo tayala limachoka pamodzi ndi dilamu ya buleki, ndipo inu mumanyamula anthu.

Komanso sizinatsimikizike kuti shafutiyo ndi yopindika. Yambani ndi kapumiro ka pamwamba pa chimpopi cha ekiselo, kamene kamatulutsa mpweya oyilo akatentha. Kakatsekeka ndi matope, mpweya umakankha oyilo kudzera pa seal, ngakhale seal yatsopano. Kamasuleni, mukatsuke, muone ngati mpweya ukudutsa. Chachiwiri, seal imakhuza pa mkombero wotsekera beringi. Mkomberowo ukakhala ndi ngalande, kapena ngati anaulowetsa mopitirira kapena mopereweza malo ake, seal siigwira. Onaninso kuti oyilo sanathiridwe mopitirira bowo lothirira.

Izi zikakhala bwino, yezani flange monga tauzira bambo a ku Mchinji. Flange ikapezeka yowongoka koma seal ndi beringi za mbali imodzi zikungothabe, tayala la mbaliyo likudyeka mkati, ndiye chapindika ndi chimpopi, zomwe zimachitika pa galimoto yozolowera kusenza mopitirira muyeso. Galimoto ili pa masitandi, lembani ndi choko pakati pa mapazi a matayala onse awiri akumbuyo, muyeze mtunda wa pakati pa zizindikirozo zili kumbuyo, kenaka muzungulitse matayalawo zizindikiro zibwere kutsogolo, pamwamba ndi pansi, mukuyeza paliponse pamene tepi ikudutsa. Pa chimpopi chowongoka miyesoyi imangosiyana ndi mamilimita awiri kapena atatu. Mosiyana ndi shafuti, chimpopi chimatheka kuwongoledwa, koma ndi amisiri amene ali ndi puresi ndi ndodo yoyezera yodutsa mkati kuchoka nsonga ina kufika ina, difu ndi mashafuti zitachotsedwa. Ngati kwanuko kulibe wotero, funani chimpopi china chofanana nacho, musamutsiremo difu yanu ndi mashafuti amene mwayeza.