Amuna anapita ku Wenela, nanga ntchito ya amayi inawerengedwa kuti?

Mayi wina wa ku Tsangano m'boma la Ntcheu wanditumizira funso pa imelo. Akuti malemu bambo awo anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni ndipo mpaka lero amatchulidwa mwaulemu pamudzi, pamene mwana wamkazi wa mayiyu, amene akugwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg, amanenedwa kuti anangothawa banja. Akufuna kudziwa ngati akatswiri ofufuza za kakhalidwe ka anthu ananenapo kanthu pa kusiyana kumeneku, komanso ngati pali bungwe loteteza anthu ngati mwana wawoyo.

Mayi, ndiyambe ndi kunena kuti amayi sanalowe m'nkhani ya ku Joni posachedwapa ayi. Analimo kuyambira kale, kungoti ntchito yawo sinkalembedwa m'buku la malipiro. Katswiri wina wa ku South Africa, Harold Wolpe, anafotokoza mfundoyi mu 1972. Iye anati eni migodi ankatha kulipira ndalama zochepa kwambiri chifukwa malipirowo ankawerengedwa ngati a munthu mmodzi wogona pa komponi, pamene kudyetsa ana, kusamalira odwala ndi kusunga okalamba kunkasiyidwa kwa anthu otsala kumudzi. Wolpe ankanena makamaka za madera a anthu akuda a m'dziko lakelo, koma ine ndikuona kuti mfundoyi ikukhudza Ntcheu ndi Dedza mwachindunji. Mwamuna akakwera ulendo wa Wenela (bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni), amene ankasosa, kulima, kupalira ndi kubandira anali mkazi, ndipo mwamunayo akabwera akutsokomola chifukwa cha fumbi la pansi pa mgodi, wodwazika anali mkazi yemweyo. Kunena zoona, munda wa mayi anu ndiwo unkathandiza kuti golide wa ku Joni akumbidwe motsika mtengo.

M'midzi ya chikamwini zinthu zinkapepukako pang'ono, chifukwa mkazi ankatsala pakati pa abale ake, pa munda wa makolo ake, alongo ake ali pafupi. Komabe mwamuna akakhala mtchona, osatumiza kalata kapena ndalama, mtolo wonse unali wa mkaziyo.

Anthu amene ankapitawo sanali ochepa. Pofika 1973, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito. Kulembako kunayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, kenako kunatha mu 1988 pa mkangano wokhudza kuyeza Amalawi kachilombo ka HIV, nkhani imene Pulofesa Wiseman Chijere Chirwa anaifufuza bwino. Njira ya boma itatsekeka, anthu sanasiye kupita, koma anayamba kuyenda paokha, kudzera pa chipata cha Dedza, Tete mpaka ku Beitbridge, ndipo pa njira imeneyi amayi nawonso anayamba kuchuluka. Bambo anu anapita ndi kontrakiti imene boma linkaidziwa, pamene mwana wanu wapita ndi ndalama zake zoyendera, ndipo kunyoza kwa anthu pamudzi kukuchokera pa chizolowezi chakuti woyenda ndi mwamuna, osati pa kulemera kwa ntchito.

Za mabungwe, n'zochititsa chidwi kuti amene anayambitsa bungwe lalikulu la antchito akuda la ICU ku Cape Town mu 1919 anali Mmalawi, Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay. Koma kusonkhanitsa antchito a padoko kapena a pamgodi n'kosavuta poyerekeza ndi antchito a m'nyumba, chifukwa aliyense ali yekha kuseri kwa mpanda, bwana wake ndi wosiyana ndi wa mnzake, ndipo nthawi zambiri amagona pamalo pomwe akugwirapo ntchito, kotero kuti akachotsedwa amataya ndi pogona pomwe. Wopanda mapepala amaopanso kutengeredwa ku Lindela, kumene amasungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo.

Ngakhale zili choncho, bungwe la antchito a m'nyumba lilipo ku South Africa, ndipo limadziwika ndi dzina lakuti SADSAWU. Mu November 2020 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagamula kuti antchito a m'nyumba ayenera kulandira chipukutamisozi akavulala kapena kumwalira pa ntchito, ndipo kuyambira mu 2022 malipiro awo otsikitsitsa anafanana ndi a antchito ena. Mu 2008 khoti la za ntchito linanenanso kuti mlendo amene chilolezo chake chinatha amakhalabe wantchito pamaso pa lamulo, ndipo angathe kukadandaula ku CCMA, bungwe loyanjanitsa mabwana ndi antchito, akachotsedwa mopanda chilungamo. Muuzeni mwana wanuyo kuti azisunga mauthenga a pafoni ndi umboni uliwonse wa malipiro, popeza mabwana ambiri salemba kontrakiti.

Palinso china chokhudza bambo anu. Bungwe la Tshiamiso Trust limalipira amene anadwala matenda a fumbi kapena TB m'migodi ina ya golide kuyambira 1965, ndipo ngati mwini wake anamwalira, mkazi wake kapena ana angathe kupempha. Mapepala a Wenela kapena a TEBA ngati akadali m'sutikesi, musawataye.