Buku lolankhula la ana: tipangitse app kapena pali njira ina?

Mphunzitsi wina wa Sitandade 2 wanditumizira imelo. Iye ndi anzake alemba nthano khumi m'Chichewa, zithunzi ajambula kale, ndipo akufuna kuti mwana akamawerenga pafoni azimvanso mawu a munthu akumuwerengera. Wina wawalonjeza kuwapangira app. Akufunsa ngati alipire, komanso kuti EPUB imene amangoimva ndi ya kampani iti.

Aphunzitsi, ndalamayo muisunge kaye. Ndiyamba ndi funso lanu lachiwiri, chifukwa mpamene pagona nkhani.

EPUB ilibe mwini mmodzi. Ndi mgwirizano wa kapangidwe ka mabuku owerengera pafoni ndi pakompyuta, ndipo aliyense amaugwiritsa ntchito osalipira. Bungwe la IDPF linaukhazikitsa mu 2007, kenaka mu 2011 linatulutsa EPUB 3 imene imalola mawu, mavidiyo ndi masamu kulowa m'buku. Mu 2017 bungweli linaphatikizana ndi W3C, imene imayang'anira malamulo a masamba a pa intaneti, ndipo EPUB 3.3 inavomerezedwa mu 2023. Zokambirana zake zimachitikira poyera pa GitHub, tsamba la pa intaneti la opanga mapulogalamu. Osindikiza mabuku, opanga mapulogalamu ndi oimira anthu osaona amatsutsana kumeneko aliyense akuona.

Chimene chimandikhudza mtima n'chakuti amene anafika pamsonkhano ndi amene anathandizidwa. Anthu a ku Japan analimbikira mpaka EPUB 3 inalola zilembo zotsika kuchokera pamwamba, monga mabuku awo ambiri amalembedwera. A DAISY Consortium, amene akhala akupangira anthu osaona mabuku omvera kuyambira 1996, anabweretsa luso lolumikiza mawu ndi zilembo. Chimene inu mukufunira ana anu chinachokera kwa iwowa.

Dzina lake ndi Media Overlays. Tengani buku lililonse la EPUB losatsekedwa ndi loko woletsa kukopera, musinthe mapeto a dzina lake kukhala .zip, mulitsegule. Mupeza masamba a HTML (ngati a pa intaneti aja), zithunzi ndi kafayilo kondandalika zonse. M'buku lolankhula mumakhalanso kafayilo ka SMIL kamene ntchito yake ndi kunena kuti chiganizo chakuti "Kalulu anathamangira kudambo" chiyambe pa sekondi 4 n'kutha pa sekondi 7. Mawu anu akafika pamenepo, chiganizocho chimawala, ndipo diso la mwana limatsatira khutu lake. Kwa ife izi n'zofunika koposa, chifukwa makina owerenga okha amene ali m'mafoni ambiri amatchula Chichewa ngati Chingerezi, mpaka mwana kusokonezeka. Mawu a mphunzitsi weniweni saposedwa.

Nanga app? Mu 2012 Apple inatulutsa iBooks Author, pulogalamu yokongola kwambiri yopangira mabuku okhala ndi mavidiyo. Mabuku amtundu wake wa .ibooks ankatsegulidwa pa zipangizo za Apple zokha, ndipo mu 2020 kampaniyo inaisiya. Ngati yaikulu chotero inasiya, mnyamata amene akukupangirani app akapeza ntchito ina ndani adzaikonze Android ikasintha? Fayilo ya EPUB mumaisunga nokha, mumaitumiza pa WhatsApp, ndipo pulogalamu ina ikatha mumatsegulira ina.

Sindikubisirani vuto lake: si pulogalamu iliyonse yowerengera imene imatulutsa mawu a Media Overlays. Thorium Reader, yaulere, yopangidwa ndi EDRLab ku Paris, imatero bwino pakompyuta. Choncho pangani nthano imodzi yokha poyamba, muiyese pa mafoni amene makolo a ana anu ali nawo, osati anu okha. Kudulira mawu chiganizo chilichonse kumadya nthawi, ndipo ngati mukufuna kulipira munthu, mlipireni pa ntchito imeneyi.

Polemba gwiritsani ntchito pulogalamu ya Sigil, ndi yaulere. Mukamaliza yesani bukulo ndi EPUBCheck kuti mupeze zolakwika, ndiponso ndi Ace ya a DAISY kuti mwana wosaona asatsalire. Chithunzi chilichonse muchilembere mawu ochifotokoza. Pamalo pa chiyankhulo mulembe "ny", ndicho chizindikiro cha Chichewa, ndipo muonetsetse kuti mtundu wa zilembo (font) umene mwasankha uli ndi ŵ, kuopa kuti Malaŵi angatuluke ndi kabokosi pakati.

Mukapeza pulogalamu ikudula mawu athu molakwika kapena ikukana ŵ, jambulani chithunzi munditumizire. Tikalembere limodzi amene amaisamalira.